Nambala yanga ya ntchito

Uthenga uja unabwera pa gulu la pa foni la ife a mu ofesi, chaka cha kolona chija. Unkati amene mtima wamulemera aziimbira alangizi a zamaganizo kwaulere, bola atchule nambala yake ya ntchito. Ine ndinali kalaliki wa pa sikelo, woyeza masamba a tiyi, ndiye nambala ndinali nayo. Othyola tiyi olembedwa nyengo ya mvula yokha analibe. Kampani inkaona ngati mtima umalemera okhawo ovala nsapato zopolisha.

Mwezi womwewo tinali titaika m'manda achimwene anga. Kunena zoona, sitinawaike ife. Anabwera nawo anthu ovala zoyera kuchokera ku Boma, bokosi lokhomakhoma, ife titaima patali ngati odutsa m'njira. Panalibe kugona pa siwa, panalibe nyimbo. Akazi awo, alamu anga, sanagwetse msozi. Anabwerera kukathyola tiyi, koma pakamwa panatsekeka. Ankafika pa sikelo dengu lili theka, maso ali kwina. Tsiku lina amayi anzawo anawapeza m'mphepete mwa damu la esiteti, dengu atalitula, akungoyang'ana madzi. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga sachedwa kusanduka ukali.

Lachinayi, nthawi yopuma masana, ndinawagwira dzanja mpaka pa mtunda wa mabulugamu pomwe netiweki imagwira. Ndinaimba, ndinatchula nambala yanga, n'kuwapatsa foni.

"Ndinene chiyani, alamu?" anandifunsa.

"Chilichonse. Kaya muwatukwane, si abale anu."

Ndinakakhala poteropo. Kwa nthawi ndithu ankangomvetsera, kenako ndinaona mapewa akugwedezeka. Mlangiziyo anali mayi. Anadziwa kuti mawuwo si a kalaliki, koma sanafunse zambiri, anangoti aimbenso Lachinayi lotsatira.

Nkhani ya m'malayini, m'nyumba za antchito, sigona. Anabwera mayi wina amene mwana wake anatenga mimba sukulu zitatsekedwa, kenako wina amene tulo tinamuthawa. Onsewo pa nambala yanga. Sindinabweze munthu.

Patatha miyezi iwiri, bwana woyang'anira antchito anandiitanitsa. Anali munthu wa ku Lilongwe, wofatsa, masiki yake yoyera nthawi zonse. Patebulo panali pepala losonyeza kuti nambala iliyonse yaimba kangati. Zokambidwa munalibe.

"Mayi, ofesi yonse pamodzi sinaimbe ngati inu nokha. Mukudwala chiyani?"

"Ndine wamasiye, bwana. Mwana wanga ali ndi mimba, komanso sindigona."

"Mu fayilo yanu mulibe mwamuna, mulibe mwana."

"Ndiye kuti mwadziwa kale."

Anati pulogalamuyo ndi ya apemanenti okha, malamulo sanalembe iwo, ndipo nambala yanga aitseka tsiku lomwelo. Anawonjezera kuti akanatha kundichotsa ntchito, koma andichitira chifundo. Sindinathokoze.

Lachinayi litakwana ndinakawatenga alamu kumunda, pulasitiki yothyolera ikadali m'chiuno, matope mpaka m'mawondo, n'kulowa nawo mu ofesi osagogoda. Ndinawakhazika pa mpando wa alendo, uja wa nsalu yofewa.

"Bwana, awa ndi alamu anga. Amuna awo anafa ndi kolona, iwowa anzawo anawapeza pa damu lanu lija akuyang'ana madzi. Lero ndi tsiku lawo loyankhula. Nambala mwatseka, ndiye muwamvetsere ndinu. Ine ndili panja."

Ndinatuluka ndikudziwa kuti mwina pa sikelo sindidzakhalaponso. Ndinakhala pa khonde, anzanga a mu ofesi akundisuzumira pa zenera, ine ndikuwabwezera diso. Kenako m'katimo ndinamva mawu a alamu, otsika, akutchula dzina la achimwene. Zomwe ananena sindikuzidziwa, ndipo mpaka lero sindinawafunsepo.

Atatuluka anali ndi kapepala m'manja, kong'ambidwa pa kope. Ndinaganiza kuti ndi kalata yondichotsa ntchito. Inali nambala ya ntchito ya bwana, yolembedwa ndi dzanja lawo.

"Akuti iwo saigwiritsa ntchito," anatero alamu, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tiyeni ku mabulugamu, mayi aja akundidikira."