Mwana Wanga pa Bere la Mlamu

Chizindikiro choyamba ndinachiona mwana wanga Gabiriyele ali ndi masiku asanu ndi atatu. Ndinamuika kubere, anakoka kawiri katatu, n'kulavula nsonga, n'kuyamba kulira. Ndinamusinthira bere linalo, chimodzimodzi. Nditafinya panangotuluka timadontho tiwiri. Mawere amene poyamba anali olemera anali atafota ngati a nkhalamba.

Zinayamba chonchi. Inali nthawi ya nkhondo ya kumalire, m'nyengo ija dzuwa la kuno ku Feira limaotcha mpaka nkhuku kuyasama. Tinali kukhala kwa Mphuka, pafupi ndi mtsinje. Nditachira masiku anayi okha, mabomba ochokera kutsidya anagwa m'madimba mwathu. Mudzi wonse unathawa. Tinayenda tsiku lathunthu kupita kumtunda, kwa abale a amuna anga, ine ndikukha magazi, mwana ali m'manja.

Titafika, apongozi anga ndi azimayi ena anandiletsa kuyamwitsa. Anati mkaka wa mayi amene wadzidzimuka ndi mfuti n'kuyendanso padzuwa umasasa, ndipo mwana akauyamwa amatsegula m'mimba. Anati ndiziufinyira pansi masiku atatu. Sindiwaimba mlandu, anali kuchita zimene iwonso anaphunzitsidwa. Pa masiku amenewo mwana anamupereka kwa mlamu wanga Firida, mlongo wa amuna anga, amene anali ndi kamtsikana ka miyezi inayi.

Masiku atatu atatha, ndi pamene ndinapeza kuti mkaka wathawa. Choncho Gabiriyele anapitiriza kuyamwa kwa Firida.

Apa ndinene zoona, pakuti ndinaulula kale kwa ansembe ndipo Mulungu anandikhululukira. Nsanje inandigwira. Ine mwana ameneyu ndinamudikira zaka zisanu, ndikupemphera kolona mpaka mawondo kuchita zipsera. Firida anali ndi ana anayi, onse obwera osawapempha n'komwe. Mkaka wake unali kuchucha wokha, bulauzi kunyowa mpaka m'chiuno. Ndinali kukhala pamphasa kumuyang'ana mwana wanga akumeza, kakhosi kakukwera n'kutsika, kenaka n'kugona pachifuwa cha mkazi wina, mkaka uli pakona pa kamwa. Alendo anayamba kufunsa ngati Firida anabereka mapasa.

Firida ndi munthu wanthabwala, ndipo mwana wangayo anali kumutcha bwana wake. Tsiku lina pa anthu anati, “Mlamu, bweretsani bwana wanga kuno. Alongo anga anakwatira mkazi wokongola, koma mbuzi yamkaka pakhomo pano ndine!”

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma mano okha. Mawa lake ndinanama kuti mkaka wabwerera.

Ndinamutsekera mwana m'nyumba masiku atatu. Ndinali kumupatsa bere louma lija, akalira n'kumumwetsa madzi a phala la mapira ndi supuni. Firida anali kubwera pakhomo, “Odi mlamu, bwana wanga sanandifunse lero?” Ine n'kuyankha ndili m'kati, “Iyayi, wakhuta, wagona.” Tsiku loyamba analira kwambiri. Tsiku lachiwiri thewera linanyowa kamodzi kokha, mkodzo wake wachikasu kwambiri. Tsiku lachitatu analeka kulira, ndipo ine mwa kupusa kwanga ndinati wazolowera. Milomo inauma, maso analowa, liwombo linachita kadzenje.

M'mawa wa tsiku lachinayi Firida analowa osaodira. Anamunyamula, kumuika kubere lake, koma mwana analibe mphamvu yokoka. Anandiyang'ana nati, “Mwanayu sanakhute, mlamu. Mwatinamiza.” Tsiku limenelo sanaseke. Apongozi anafuna kusaka mankhwala opaka paliwombo, koma amuna anga anatulutsa njinga. Anandikweza ine ndi mwana kupita kuchipatala cha mishoni ku Katondwe. Firida anatitsata wapansi, wake ali kumbuyo, ine osamupempha.

Chipatala chinali chodzaza. Pakhonde panali anthu othawa nkhondo ndi ena ovulala, mzere wautali. Tinadikira kanthawi, mpaka anesi ena achikulire podutsa anavundukula chitenje, kuona liwombo, n'kutilowetsa nthawi yomweyo. Anamuika pasikelo, anamutsina khungu la pamimba, ndipo khungulo linachedwa kubwerera. Anandifunsa zonse, ndipo ndinafotokoza ndikulira. Sanandikalipire. Anati, “Amake mwana, mkaka susasa m'bere. Mantha amaubisa kanthawi, koma amene amauitana ndi mwana. Bere likapanda kuyamwidwa limaganiza kuti ntchito yatha.”

Masiku awiri oyamba anamudyetsa ndi kapaipi kolowera m'mphuno. Mkaka wam'chitini unali wosowa chifukwa magalimoto sanali kuyenda bwino pamsewu, choncho anesi anapempha Firida kuti azifinya wake. Tsiku lachitatu anachotsa kapaipi n'kuyamba kumumwetsa ndi kakapu.

Ine anandipatsa ntchito yanga. Maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndimuike kubere, mbali zonse ziwiri, ngakhale mulibe kanthu. Anandionetsa kagwiridwe kake: mimba yake igunde yanga, ayasame kwambiri, alowetse ndi pakuda pomwe osati nsonga yokha. Akamakoka, anesi anali kudonthezera mkaka pabere ndi supuni kuti utsikire m'kamwa mwake, asataye mtima. Akamaliza, ndifinyenso ndekha m'kapu. Nthawi yotsala azikhala pachifuwa changa wopanda malaya, tonse titafunda chitenje chimodzi. Anandiuza kuti ndizidya ndi kumwa mokwanira, ndisamadzimane chifukwa cha chisoni. Amuna anga anali kubweretsa thobwa la mapira ndi nshawa, koma anesi anati zimenezo n'zondipatsa ine mphamvu, mankhwala enieni ndi kamwa la mwana.

Chovuta kwambiri chinali makapu. Tinali kukhala pabenchi limodzi, Firida ndi kapu yake, ine ndi yanga. Yake inali kudzaza ndisanamalize Tikuoneni Maria mmodzi. Yanga pansi pokha ndi pamene panali kunyowa. Ndinali kutembenukira kukhoma kuti asaone. Ngakhale pamenepo, mwana wanga akupulumuka ndi mkaka wake, mtima wanga unali kumuwerengera zolakwa. Anesi aja anazindikira. Nthawi zonse anali kutenga timadontho tanga n'kuyamba nato, nati, “Choyamba wa amake.” Kenaka anauza Firida kuti azindisisita msana ndisanayamwitse, kuti thupi limasuke. Ndinachita manyazi, koma manja ake anali ofewa, ndipo sanandinene ngakhale kamodzi.

Tsiku lachisanu mkaka wanga unafika pa chala chimodzi m'kapu. Tsiku lachisanu ndi chinayi, ndikuyamwitsa kumanja, ndinamva kunyerenyesa m'chifuwa, ndipo bere lamanzere linayamba kudontha lokha. Ndinamva mwana wanga akumeza. Ndinangoti “Ambuye Yesu” osasuntha, kuopa kumusokoneza. Kuyambira pamenepo anesi anayamba kuchepetsa wa m'kapu pang'onopang'ono. Matewera anayamba kunyowa kasanu, kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo sikelo inali kukwera.

Tsiku lina poyeza ana, Firida anaikanso kamtsikana kake pasikelo. Anesi anati katsika. Ndi pamene ndinakayang'anitsitsa: masaya aja anali ataphwa. Masiku onsewo Firida anali kuyamba kufinyira wanga, wake n'kuyamwa zotsala, iye mwini akugona pakhonde ndi kudya kamodzi patsiku. Ine maso anga anali pa kapu yake basi.

Madzulo ake ndinamuuza zonse, za nsanje ndi bodza lija. Anandiyankha kuti, “Ndinadziwa kale, mlamu. Nkhope yanu sibisa. Koma mumati ine ndikufuna ana asanu? Anayi omwewa andimaliza. Tengani bwana wanu, amaluma.” Tinaseka, ndipo ulendo uno ndinaseka ndi mtima.

Tinatuluka patapita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, Gabiriyele akuyamwa ine ndekha. Kamtsikana ka Firida kanabwerera m'thupi mwezi usanathe. Gabiriyele ndinamuyamwitsa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo ana atatu amene anabwera pambuyo pake mkaka sunavutepo. Lero Gabiriyele ndi bambo wa ana ake, msodzi wamphamvu. Ine ndakalamba, mawondo amavuta, koma ndili bwino. Iye akabwera kuchokera kumtsinje, nsomba yaikulu amayamba wapereka kwa Firida, azakhali ake. Kansanje kamandilasabe pang'ono, sindinama, koma ndimakapereka kwa Ambuye, chifukwa nsombayo Firida anaigwirira ntchito.

Azimayi anzanga, mukaona mkaka ukuchepa musaleke kuyamwitsa, ndipo musautaye pansi chifukwa cha mantha kapena dzuwa. Khanda musalipatse madzi kapena phala. Masiku ano kuli matenda amene kale kunalibe, choncho za kuyamwitsa mwana kwa mayi wina yambani mwafunsa kuchipatala. Yang'anani thewera. Likakhala louma, mwana akamagona kwambiri, liwombo likalowa, nyamukani tsiku lomwelo. Ndipo mnzanu akagogoda pakhomo kufunsa za mwana, mutsegulireni. Ine ndinatseka masiku atatu okha, ndipo lachinayi ndikanaika maliro.