Dzina la Mbewe Likhale Pomwepo

Loweruka lapitali ndinali nkhoswe, ndipo ndikuuzeni, ntchito imeneyi imafuna mtima wautali kuposa kuthyola tiyi pamvula.

Wokwatiwa anali Esinati, mwana wa mchemwali wanga. Anakulira m'makomboni a pa esiteti kuno ku Honde, kwa Ashona, pano ali pa yunivesite ku Joni, amafufuza za nyenyezi. Osati zolosera mvula ayi. Iye amayeza kuwala kochokera ku magulu a nyenyezi akutalitali, kuti adziwe mmene thambo lonseli likufutukukira. Ine ndinamva mpaka pamenepo, kwinako mutu unakana.

Akuchimuna, a mtundu wa Amanyika a ku Hauna, anabwera wapansi chifukwa makombi, maminibasi akuno, alibe mafuta. Tinawalandira ndi nthochi zowiritsa ndi tiyi wopanda shuga, poti m'sitolo mwatsala mashelefu okha. Palibe anadandaula. Za roora, malowolo awo aja, tinamvana bwinobwino.

Nkhani inabuka Esinati ataitanidwa kudzapereka moni. Tete, mlongo wa bambo a mkwati, anamuyang'ana mosekerera, n'kumutcha muroora, ndiye kuti mtengwa.

"Muroora wedu, ukwati ukachitika, ndi m'mapepala ako omwe uzilemba dzina lathu."

Esinati anayankha ali chigwadire.

"Tete, pakhomo mundiitane mmene mungafunire. Koma zonse zimene ndafufuza zinatuluka ndi dzina la Mbewe. Anzanga a maiko ena akafuna kupitiriza pamene ndinalekeza, amazifunafuna ndi dzina limenelo, n'kulitchula m'zolemba zawo. Kwathu kuntchito amaonera pamenepo kuti munthu ukuthandiza. Ndikasintha ndikhala ngati anthu awiri, wina wothawa ntchito, wina wongoyamba kumene."

Kenaka mlamu wanga, a Mbewe eni ake, bambo a Esinati, anakhosomola.

"Mwanawe, usayambane ndi apongozi chifukwa cha dzina ili. Latipatsa chiyani? Ine ndinabadwira pompano, koma pachitupa analemba kuti ndine mlendo."

Abale, zinandiwawa.

Koma ndani wa ife angawadzudzule? Ndi angati tinalembetsa ana athu ndi dzina la mnansi wa Chishona kuti apeze chikalata cha kubadwa? Ndi angati timatsitsa mawu pamzere wa chimanga akafunsa dzina, kuopa kuti wina kumbuyo anena kuti aMabhurandaya, mmene amatitchulira ife ana a obwera, nawonso akufuna kudya? Tazolowera kuyenda ndi maina athu ngati malaya ong'ambika kukhwapa, mkono osakweza.

Ndiye mwana mmodzi wakalitenga dzinalo n'kukaliika poti anthu ophunzira amalifuna okha, ife tizimuuza kuti alifufute? Iyayi!

Ndinapempha malo monga nkhoswe. Ndinati kwathu mkazi sataya mfunda wake. Nambewe amakhala Nambewe kuyambira kubadwa mpaka kumanda, akwatiwe kaya asakwatiwe. Zosintha maina zinabwera ndi maofesi, si za makolo athu.

Tete sanagonje msanga, ndipo ndinawakonda chifukwa cha zimenezo.

"Ko, nanga ana azidzatchedwa ndani?"

"Ana ndi a dzina lanu, tete," anatero Esinati.

"Nanga amene amakutchulawo ndi ndani? Ndi achibale?"

"Ayi. Ena ali ku India, ena ku Chile. Ambiri sanandionepo ndi maso."

Tete anaomba m'manja n'kugwa ndi phwete. "Anthu osakudziwa, osadyapo ndi nthochi yako yomwe! Chabwino, muroora, sunga dzina lako. Bola tikabwera kwako usadzatiphikire nyenyezi."

Tonse tinaseka, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Alendo atatsika phiri dzuwa likadalipo, ndinapeza mlamu wanga pakhonde akufunsa mwana wake motsitsa, ngati akuchita manyazi.

"Kunena zoona, anthu amenewo amalemba kuti Mbewe?"

"Amalemba, ababa."

"Amatha kulitchula?"

"Aaa, amalipotoza koopsa. Ena amati Embewe, ena amangosiyira panjira."

A Mbewe anayang'ana kumunda wa tiyi kumene msana wawo unapindikira, n'kugwedeza mutu.

"Alipotoze," anatero. "Kuno amalitchula bwinobwino, koma pondichotsa pamzere. Usalisinthe, mwanawe."