Wailesi Yosochela ya Atate

Ng'ombe zathu zitatha ndi matenda a nkhupakupa, maso a atate nawonso anachita khungu. Ku Magodi, mwamuna wopanda ng'ombe komanso wosaona anthu amangomupatsa moni n'kupitilila. Chimene chinawatsalila ndi wailesi yakale.

Wailesiyo inali ya makani. M'mawa inkalankhula bwinobwino, koma malata akatentha siteshoni inkathawa, mawu n'kumila m'phokoso. Atate ankailondola ndi zala pa batani, pang'onopang'ono, mpaka kuibweza. Iwo ankati akubusa siteshoniyo ngati ng'ombe. Amayi akawaitana kudzadya ankayankha kuti, “Dikila, yaloŵa m'munda mwa eni.”

Ine ndimakonza mawailesi pa Msika wa Lundazi, ndipo zinkandichititsa manyazi kuti kwathu kwenikweni kukulila chinthu chotele. Ndinainyamula wailesiyo pa njinga kupita nayo kumsika. Chimene chimagwila siteshoni ndi koilo, kawaya kokulungakulunga, pamodzi ndi kapasita. Chimodzi chikasintha pang'ono, siteshoni yapita. Kapasita wake anali wamng'ono, wa mtundu womva kutentha. Ndinaikapo wokulilapo, wosatekeseka ndi dzuŵa, n'kuchepetsa mizele ya koilo kuti zigwilizane. Poyamba ndinachepetsa mopyola, wailesi inangoti zii. Ndinakulunganso ndi waya wonenepa, ndinamata ndi phula la kandulo, n'kuisiya pa dzuŵa la Okutobala. Siteshoni sinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo mawu anali mbee.

“Yewo, mwana wane,” anathokoza atate nditaibweletsa. Anaika zala pa batani kudikila masana. Malata anatentha, wailesi n'kumangolankhula yokha. Kenaka anachotsa dzanja n'kuliika pa bondo.

Patapita masabata amayi anandiimbila foni kuti atate sakutulukanso panja, chakudya akungochigwilagwila. Mtima unandiŵaŵa kwambili. Ndinafukula mulu wa mawailesi akufa kufunafuna kapasita woipitsitsa, anzanga a pamsika akuseka kuti ndapenga.

Ndinawapeza atagona pa mphasa, nkhope ku khoma.

“Adada, ndabwela kuti ndiibwezele mwakale.”

“Uiwononge dala, kuti ine ndipeze chochita?” anatelo osatembenuka. “Maso ndilibe, koma sindine mwana. Isiye.”

Ndinakhala nawo mpaka dzuŵa kupendeka. Tinawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe.