Nthabwala ya a Simioni Itasowa Nkhope

Ku Nkope kunalibe amene sanasekeko nthabwala za a Simioni Kachingwe, wokonza mabwato. Msodzi akabwera ndi bwato lodontha, iwo ankaliyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi ili ndi bwato kapena sefa?" Mawu awo anali olasa, koma nkhope yawo inkawafewetsa. Ankatukula chikope chimodzi, n'kupotoza mlomo, ndipo wonyozedwayo ndiye ankayamba kuseka.

Zaka zitapita, owasekawo anatha. Akazi awo anamwalira, ana anakwatiwa kutali, anzawo ambiri anapita ku Joni. Mwana wawo Linda atabwera kudzacheza, poona kuti bambo akuyankhula ndi nyundo yokha, anawagulira foni n'kuwalowetsa m'gulu la pa Watsapu lotchedwa Ana a Nkope. A Simioni anasangalala. Ankalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, osaika konse tinkhope toseka timene anzawo ankaika. Ankati aliyense akuwadziwa.

Tsiku lina msuweni wawo Oscar, yemwe anali ku Joni, anaika chithunzi chake atavala suti yakuda, atawonda kwambiri. Anthu ankangolemba kuti, "Mulungu akhale nanu." A Simioni sanafunse chifukwa. Pachisuweni anthu amanyozana, ndipo awiriwa anakula akutero. Analemba kuti, "Msuweni, sutiyo yakudya? Wangotsala minga ngati usipa wa chaka chatha."

Anadikira phwete. Kenako Edith, mkazi wa Oscar, analemba: "Alamu, munthu wangotuluka m'chipatala. Mtima wanu ndi wotani?"

Mauthenga anagwa ngati matalala. Ena ankati mdalayo ndi wansanje, ena ankati waledzera. A Simioni asanamalize kulemba chipepeso, foni inakana kutumiza. Anapita nayo kwa aphunzitsi a Esitere, oyandikana nawo nyumba.

"Aphunzitsi, yawonongeka kodi?"

"Ayi, bambo. Akuchotsani m'gulu. A Rodgers, oyang'anira gululo, ndi amene atero."

A Esitere anawaphunzitsa kutumiza uthenga wa mawu. A Simioni anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyankhula kwa Oscar: "Msuweni, sindinadziwe. Pakamwa panga ukupadziwa. Undikhululukire."

Masabata atatu anadutsa osayankhidwa. Kugombe, asodzi amene anawerenga nkhaniyo ankawapatsa moni wa mwambo basi. A Simioni nawo anasiya nthabwala, n'kumangokhoma misomali.

Ndiye Lachinayi lina masana foni inalira. Anali mawu a Oscar, ofooka, osasa.

"Iwe chitsiru, anandibweza kuchipatala, koma za usipa zija ndinaseka mpaka adokotala anandikalipira. Onsewa akumandilembera mavesi ngati ndagona kale m'bokosi. Ndiwe wekha unandiyankhula ngati wamoyo. Tandinyozanso."

A Simioni anaumvetsera uthengawo kanayi, misozi ili chuchuchu. Kuyambira pamenepo asuweniwo ankatumizirana mawu tsiku lililonse, kunyozana za dazi, za mano, za atsikana amene anawakana ali anyamata. Panalibe wina ankadziwa, ngakhale Edith.

Patatha miyezi iwiri Oscar anasiya kuyankha. Uthenga wa maliro unalengezedwa m'gulu muja, momwe a Simioni munalibe. Anamva patapita masiku anayi kwa mayi wina kuchigayo, Oscar ataikidwa kale konko ku Joni.

Chaka chisanathe, a Rodgers anawabwezeramo m'gulu popanda kunena kanthu. A Simioni alimobe mpaka lero. Amawerenga zonse atakhala pakhonde, nthawi zina amaseka okha, chala chikuyandama pamwamba pa foni. Koma akalemba, amangoti, "Ameni."