Disiki ya Tiyamike

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira. Chinali chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri. Titameta maliro, abale anagwirizana kuti ndichoke kumudzi kwathu, kumapiri a Ntchisi, ndikakhale pa Dowa boma ndi atsibweni, aYotamu, mlongo wawo wa amayi. Abambo anali atapita kalekale ku maesiteti a fodya ndi mkazi wina, ndipo ngakhale pamaliro sanaoneke.

Atsibweniwo ndinali ndisanawaonepo. Anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, ine ndisanabadwe, nakakhala ku Ulaya zaka pafupifupi makumi awiri. Zinthu zitasintha anabwerera okhaokha, ndi masutikesi awiri ndi katoni imodzi yaikulu, ndipo anapeza ntchito yauphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale. Anthu ankangowatcha mtchona. Anzawo akale ambiri anali atamwalira, ndipo otsalawo ankawapatsa moni chapatali, ngati akuopabe kuonedwa nawo limodzi.

Sanali munthu wankhanza. Anandigulira nsapato, juzi ndi makope. Koma m'nyumbamo munali zii. M'mawa ankati, "Wadzuka bwanji, Feliya?" Madzulo ankati, "Kusukulu kunali bwanji?" Ine ndikayankha kuti kunali bwino, nkhani inkathera pomwepo. Iwo ankadyera patebulo akuchonga makope, ine ndinkadyera kukhitchini, ndikumva mphepo ya mwezi wa Juni ikuwomba m'mabulugama a kuseri kwa nyumba.

Kusukulu sikunali bwino ayi. Inali nthawi imene sukulu ya pulayimale inali itangokhala yaulere, ndipo ana tinkachuluka ngati nyerere. Ife a Sitandade 5 tinkaphunzirira pansi pa mtengo, titakhala pa njerwa. Ndinafika pakati pa teremu, m'mutu muli mpala wa maliro, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinapatsidwa dzina: Chidazi. Amene analiyambitsa anali Agata, mtsikana wamtali amene aliyense ankafuna kukhala naye pafupi. Nthawi yopuma ndinkaima pafupi ndi mpanda, ndikuyang'ana mapiri a kumpoto, ndikuyesa kudziwa kuti kwathu kuli kuseri kwa phiri liti.

M'katoni yaikulu ija munali kompyuta. Inali yakale ngakhale pa nthawiyo, yotuwa ngati phulusa, mabatani ake ali pamwamba pa bokosi lomwelo. Inkalumikizidwa ku TV yaing'ono, imene inalibe ntchito ina iliyonse chifukwa dziko lathu linali lisanakhale ndi wailesi yakanema. Panalinso kachipangizo kamchira wautali kamene atsibweni anati dzina lake ndi mbewa. Tsiku limene anandiuza dzinalo ndi loyamba limene ndinaseka m'nyumba imeneyo.

Lamlungu lina anandiphunzitsa kuigwiritsa ntchito, mwina chifukwa chosowa chondiuza. Unkalowetsa disiki m'mbali mwake, makinawo n'kuyamba kukukuta ngati mbuzi ikubzikula. Kenako pankabwera mndandanda wa mayina. Ukaloza dzina ndi mbewa ija n'kudina, chithunzi chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ngati munthu akufunyulula chitenje. Munali zithunzi za masitima, za milatho, za mbalame zachilendo. Munalinso zina zoyenda: mpira wodumphadumpha, ndege yozungulira.

"Madisiki a m'bokosi ili uzionera," anatero. "Koma usamakhudze m'kati mwake, ndipo asatuluke m'nyumba muno."

Ndikaweruka masana, iwo akadali kuntchito, ndinkayatsa kompyutayo. Sabata yachiwiri ndinapeza disiki ina kumapeto kwa bokosi, yolembedwa ndi bolopeni kuti Tiyamike. Munali chithunzi chimodzi chokha, choyenda. Kamtsikana ka zaka ngati zisanu, koyererako khungu, kovala chipewa chofiira chaubweya, kankathamanga kubwera kwa ine. Pansi ponse panali mbee ndi chipale chimene chimagwa ku Ulaya nyengo yozizira. Kakafika pafupi kankakweza dzanja, kenako zonse n'kuyambiranso. Mawu panalibe.

Ndinadziwa kuti ndi mwana wa atsibweni, chifukwa kumudzi ndinamvapo kuti anasiya mkazi ndi mwana kunjako. Sindinawafunse. Ndinangomutenga Tiyamike kukhala wanga. Ndinatulukira ndekha batani lochepetsa liwiro, ndi lina loimitsa. Ndinapeza kuti kuthamanga konseko kunali zithunzi khumi ndi ziwiri zotsatizana, ndipo pa chithunzi chachisanu ndi chinayi ankandiyang'ana m'maso mwenimweni. Ndinkamuimitsa pamenepo n'kumamuuza zonse: za Agata, za nkhuku zathu zimene abale anagawana, za momwe amayi ankatsokomolera. Ndikamva wotchi ikugunda folo koloko, ndinkazimitsa, n'kubwezera disikiyo pamalo pake.

Tsiku lina nthawi yopuma, Agata ankafotokoza za kanema amene anaonera ku Lilongwe. Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Kwathu kuli kanema wa mchemwali wanga wa ku Ulaya. Amayenda, amandibayibitsa."

Onse anatembenuka. Inali nthawi yoyamba kundiyang'ana osaseka.

"Bodza, Chidazi," anatero Agata. "Ngati n'zoona, ubwere naye mawa."

Mawa lake ndinaika disikiyo pakati pa kope la masamu. Nthawi yopuma ana anandizungulira. Agata anailanda, naitembenuza uku ndi uku.

"Nanga munthuyo ali pati?"

"Amaoneka ukaika mu kompyuta."

Sanakhutire. Anakankha kachitsulo ka pamwamba pake, n'kuona kachinthu kakuda ka m'kati. Anakaloza kudzuwa, nakazunguza ndi chala chimene chinali ndi mafuta a zitumbuwa. Wina analanda, winanso analanda, mpaka inagwera m'fumbi n'kupondedwa. Belu litalira anandiponyera.

"Mulibe kanthu umu," anatero, onse n'kuthamangira kumtengo kuja akuseka.

Kunyumba ndinaipukuta ndi diresi langa, n'kuilowetsa mu kompyuta. Makina anakukuta nthawi yaitali kuposa masiku onse. Chipewa chofiira chinaoneka. Pansi pa chipewacho, pamene pankakhala nkhope, panali mizeremizere yobiriwira ndi yapepo. Kenako panabwera uthenga wachingerezi umene sindinaumve, ndipo zonse zinaima. Ndinayesa kasanu. Ndinaibwezera m'bokosi, ndipo kwa masiku atatu sindinanene kanthu. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti atsibweni ndi munthu wa makope ndi mabuku, disikiyo anaiiwala kale.

Loweruka lililonse m'mawa ankandituma kuchigayo, ndipo ndinkachedwako chifukwa cha mzere. Loweruka limenelo chigayo chinali chitawonongeka, choncho ndinabwerera msanga, thumba la chimanga lili pamutu. Ndikutula pakhonde ndinamva kukukuta kuja. Ndinasuzumira pakhomo. Atsibweni anali atakhala pa mpando umene ndinkakhalapo ine. Anatulutsa disikiyo, naiuzira mpweya, naibwezera. Mizere ija inabweranso. Anatulutsanso, nauziranso. Ankayankhula motsitsa m'chinenero chimene sindinachimvepo, monga momwe munthu amanyengerera mwana kuti adye.

Ndikanatha kubwerera panja mwakachetechete. Koma miyendo inandilowetsa yokha, ndipo ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Atsibweni, ndine ndinawononga."

Ndinafotokoza zonse ndikulira. Iwo sanatembenuke. Anangoyang'ana chipewa chofiiracho kwa nthawi yaitali, mpaka ndinalakalaka akanangothyola kamtengo n'kundikwapula.

"Inalipo imodzi yokhayi," anatero pomaliza. "Inzake inachita nkhungu dzinja lathali."

Anazimitsa TV ija. Kenako anafunsa, osandiyang'anabe, "Unkamuonera kangati?"

"Tsiku lililonse, ndikaweruka."

"Unkamuimitsa pamene amayang'ana kuno?"

"Eya."

"Inenso," anatero. "Loweruka lililonse, iwe ukapita kuchigayo."

Anandiuza kuti ndidzuke, ndikhale pa mpando. Anati Tiyamike sanalinso kamwana ayi, anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mnzawo wina ndi amene anamujambula akuthamanga pa chipale paja n'kuwaikira pa disiki, banja lisanathe. Chibwerereni kuno anali atamulembera makalata asanu ndi awiri, koma yankho linali lisanabwere.

"Walakwa kwambiri, Feliya. Ndinakuuza kuti asatuluke m'nyumba. Kompyutayi usaikhudze mpaka teremu ithe."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkayembekeza kuti anditulutsa panja, koma anangokhala, akusisita mawondo awo. Mawu amene anatsatira sindinawayembekezere.

"Mayi ako ndinawasiya ali ngati iweyo, mwina kukuposa chaka chimodzi. Ndinachoka osatsanzika. Nditabwerera ndinachita manyazi kupita kumudzi, mpaka amwalira ndisanawaone. Ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Iwe uli nacho?"

"Ayi. Sanajambulitsepo."

"Ndiye tandiuza. Atakula ankaoneka bwanji? Ankasekabe atagwira pakamwa?"

Ankaseka choncho kumene. Ndinawauza kuti anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo iwo anati mpatawo unalipo kuyambira ali mwana. Ndinawauza kuti ankaopa nanzikambe kuposa njoka. Iwo anaseka, nati ndi iwowo anayambitsa manthawo, tsiku limene anaika nanzikambe m'dengu la ndiwo la amayi. Ndinawauza za miyezi yomaliza, zimene ndinali nditauza Tiyamike yekha. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya. Tinayankhula mpaka dzuwa linapendeka, chimanga chija chidakali pakhonde, nkhuku za aneba zikujompha thumba.

Sindinganame kuti zonse zinasintha tsiku limenelo. Kusukulu ndinakhalabe ndekha mpaka chaka chinatha. Atsibweni anayesa kupita nayo disikiyo ku Lilongwe, koma anabwerera nayo chimodzimodzi. Panali masiku amene ankangokhala chete, ndipo ndinkadziwa kuti akuganiza za chimene ndinawalanda. Tiyamike analemba kalata imodzi patapita zaka zinayi, yaifupi, yaulemu, ngati yolembera mphunzitsi wakale. Sanabwere kuno, ndipo atsibweni anamwalira asanamuonenso. Koma kuyambira Loweruka lija, madzulo ambiri ankasiya ntchito yawo n'kundifunsa za mlongo wawo, ine n'kuwafunsa za mwana wawo, mpaka tinayamba kukambanso za ife eni.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi linali la kumvera: usatenge chimene wauzidwa kuti usatenge. Limenelo ndi loona, ndipo mpaka lero chikumbumtima chimandipweteka, chifukwa chimene ndinawononga sichinali changa ndipo sichikanabwezedwa. Koma tsopano, pamene ndafika pa msinkhu umene atsibweni anali nawo nthawi imeneyo, ndikuona chinthu china. Ndili mwana ndinkaganiza kuti kusungulumwa ndi matenda a ana okha, kuti munthu wamkulu akakhala chete ndiye kuti sakusowa kanthu. Ndinakhala miyezi itatu ndi munthu wosweka mtima ngati ine ndemwe, chipinda chake chili khoma limodzi ndi changa, ndipo aliyense wa ife ankadikira kuti mnzake achoke kuti akalire kwa mwana amene sakanatha kumva. N'chifukwa chake masiku ano, munthu wa m'nyumba mwanga akandiyankha kuti ali bwino, sindithamangira kukhulupirira. Ndimakoka mpando, n'kufunsanso kachiwiri.