Anavomera Mlandu Kuti Ine Ndichire

Chizindikiro choyamba chinali tulo. Mwana wanga wachiwiri, Yohane, anabadwa chakumapeto kwa Malichi, chaka chimene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anayamba kuchuluka m'midzi yathu ya kufupi ndi malire. Ndinaberekera ku chipatala chaching'ono cha ku Thambani, ndipo panalibe chovuta chilichonse. Mchombo utagwa tinatuluka m'chikuta, mwana anamumeta, anthu anabwera kudzamuona. Sanali mwana wovuta ayi. Ankayamwa n'kugona. Amene sindinkagona ndinali ine. Ndinkadzidzimuka tambala asanalire, mtima ukugunda ngati ndalandira uthenga wa maliro, n'kukhala choncho mpaka kunja kuyera. Poyamba ndinati ndi kutopa chabe, zidzatha.

Mu Epulo chakudya chinayamba kundikanika. Sikuti pena pake pankapweteka. Ndinkangoti ndikaika kanthu mkamwa n'kumamva ngati ndikutafuna thonje. Misozi inkatuluka yokha, kaya ndili pamtondo kaya kumadzi, ndipo akandifunsa chandiliza sindinkadziwa choyankha. Pamene anthu ankakolola mu Meyi, ine ndinkafika kumunda n'kuthyola ngala ziwiri zitatu, basi n'kukhala pansi pafupi ndi mkukwe. Kusamba ndinkachita kukumbutsidwa. Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti ndikamuyang'ana Yohane sindinkamva kanthu mumtima. Mwana wanga woyamba, Estere, nditamubereka ndinkangomununkhiza pamutu tsiku lonse. Uyu ndinkamuyamwitsa ngati ndagwirizira mwana wa mwini. Zimenezi sindinauze munthu.

Estereyo, amene anali ndi zaka zitatu, anasiya kubwera pamiyendo panga, mpaka anasamukira kunyumba kwa agogo ake. Amayi amvano anabwera kudzandipempherera. Amayi apampando a chipani m'mudzi mwathu nawonso anabwera kudzafunsa chifukwa chimene sindinkapezekera kophunzira nyimbo za chipani, koma atangondiona anatembenukira kwa amayi anga n'kuti, "Uyu musamukakamize. Mwana wanu wathatu uyu."

Kwathu, monga ambiri mukudziwa, mkazi akabereka banja limadika, osakhalira malo amodzi, mpaka tsiku lomuika mwana kumphasa. Nthawi imeneyo mwamuna akayenda ndi mkazi wina, amati wasempha mkazi wake kapena mwana, ndipo wosemphedwayo amaonda, kutupa mapazi, mwina mpaka kufa. Amuna anga, a Lamisoni, ndi akamwini m'mudzi mwathu. Nyengo ya manachesi ikakwana amamanga madengu panjinga n'kukagulitsa kumalire kwa madalaivala a malole. Ndi kutali, choncho ankagona komweko kwa achimwene awo mpaka katundu atatha. Akabwera ankapeza m'nyumba mulibe madzi, moto sunakoledwe. Ankangotenga ndowa n'kupita okha kuchitsime, amayi a kumeneko akuwaseka. Amayi anga ataona zimenezi anati munthu wolakwa ndiye amakoma mtima chonchi. Anaphatikiza zonse: mwana wawo akuonda, mkamwini akugona kumalire kumene kuli mabala, ndiye akubwera kudzatunga madzi. Anangoti ndi tsempho.

Mu Juni amalume anga, omwe ndi eni mbumba, anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ine anandikhazika pamphasa pakati pawo kuti aliyense aone mmene ndathera. Sing'anga amene amayi anapitako anali atanena kuti mankhwala a tsempho alipo, koma sagwira ntchito ngati wolakwayo sanaulule ndi pakamwa pake. A Lamisoni anakana. Anakana m'mawa wonse. Pomaliza amalume anati, "Bambo a Estere, ife sitikufuna mbuzi yanu kapena nkhuku. Tikufuna moyo wa mwana wathu. Mukapitiriza kuuma khosi, manda ake mudzakumba nokha."

Ndikukumbukira kuti amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine mawu onsewo ndinkawamva ngati akuchokera tsidya lina la mtsinje. Kenako anati, "Chabwino, ndavomera. Mupatseni mankhwalawo."

Mankhwala ndinamwa, ena anandithirira m'phala, ena ndinasamba. Masabata anapita, palibe chinasintha. Amalume anati ndiye kuti mkamwini sanaulule zonse, ndipo mu Julaye anawauza kuti atenge njinga yawo ndi khasu lawo abwerere kwawo. Chimene chinatsala n'chakuti ankhoswe adzakumane komaliza mvula isanagwe, athetse banja. Ine ndinakhulupirira zimene anavomerazo, pakuti ndani angavomere mlandu wotere asanauchite? Ndinkadziuza kuti anapita kwa wina chifukwa ine ndine wachabechabe, mkazi wosasamba, wosakonda ngakhale mwana wake. Apa m'pamene maganizo oti bola kungofa anayamba kundibwerera, ndipo ankabwera tsiku ndi tsiku.

Mu Ogasiti amayi anandikoka kupita kusikelo ku Thambani, chifukwa Yohane anali ataphonya katemera. A nesi anamupachika pasikelo, anamubaya, n'kunena kuti mwana ali bwino, kungoti sanakwere kwenikweni. Kenako anayang'ana ine. Anandikanikiza ndi chala paphazi kuti aone ngati ndatupa, anandiyang'ana m'zikope, anandifunsa za chifuwa. Panalibe chilichonse. Anawauza amayi kuti akadikire panja ndi mwana, n'kundifunsa kuti, "Mayi, kodi inu mumagona?" Chiyambireni kudwala, aliyense ankafunsa za kumene amuna anga amagona. Za ine anali asanafunsepo munthu. Ndinalira mpaka anthu a pamzere panja anayamba kudandaula.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu ku boma, kumene anati kuli a nesi ophunzira za matenda a maganizo. Galimoto ya chipatala inali itapita kukatenga wodwala wina, ndiye tinagona pakhonde pomwepo n'kunyamuka tsiku lotsatira. Ku boma tinadikiranso pabenchi kuchokera m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, tikusendera pang'onopang'ono munthu akalowa. Amayi ankangong'ung'udza kuti atitumiza kwa amisala. Mantha awo anali akuti andipititsa ku Zomba, osabwerakonso.

A nesiwo anali mayi wachikulire, wochokera chigawo chapakati, wolankhula mosafulumira. Sanathamangire kulemba. Anandifunsa za tulo, za kudya, za misozi, ndiponso ngati ndimamva mawu a anthu osaoneka. Ndinati mawu ayi. Anandifunsanso mosabisa ngati ndinaganizapo zodzipha, ndipo ndinavomera. Sanadzidzimuke kapena kundilalikira. Anati, "Mwachita bwino kunena. Iyi si misala, asisi, ndipo ku Zomba simupita. Ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka, monga mmene ena amatupira mabere. Mankhwala ake alipo, koma ndi aulesi. Amayamba kugwira patapita masabata, ndiye tipirirane." Adokotala atandiona anavomereza kuti ndigonekedwe mu wodi ya amayi, mwana ali nane, amayi anga n'kukhala ondidikirira.

Moyo wa mu wodi unali wofanana tsiku lililonse, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo zinandithandiza. M'mamawa ankatiyeza kutentha kwa thupi, okolopa n'kutulutsa odikirira onse panja, kenako phala. Adokotala ankayendera odwala chakum'mawa, alendo ankaloledwa masana. Mapiritsi anga ndinkamwa madzulo, a nesi ataima pomwepo mpaka nditameza. Mapiritsiwo ankandiumitsa kukamwa, ndipo ndikaimirira mofulumira ndinkachita chizungulire, koma tulo tinabwera. Bedi langa analiika pafupi ndi tebulo la anamwino kuti azindiona. Amayi anga ankagona pansi pambali pa bedilo, n'kumakaphika kukhitchini ya odikirira odwala, mbuzi zawo atasiyira anansi. Anavutika nane, zimenezo sindingakane.

A nesi aja ankabwera tsiku lililonse ndi kantchito kamodzi kokha. Lero mupese tsitsi. Mawa mumusambitse mwana nokha, amayi anu asagwire. Mkuja mukakhale padzuwa ndi anzanu. Nditawaululira kuti mtima wanga sukumva kanthu pa mwanayu, anati, "Manja ayambe, mtima ubwera pambuyo. Musaudikire." Pabedi loyandikana nane panali mayi wina wa ku Neno wothyoka mwendo, wolongolola kwabasi. Ankati, "Asisi, tonse muno tili ndi poonetsa. Inu chilonda chanu mwachibisa pati? Kapena mwangobwerera nyemba za boma?" Tsiku lina ndinapezeka ndaseka, ndipo amayi anga, amene ankapinda matewera, anaima n'kundiyang'ana ngati aona mlendo.

Sabata yachiwiri a nesi anafunsa kuti bambo a mwanayu ali kuti. Amayi anafotokoza zonse, za tsempho ndi za kuvomera kuja. A nesi anati akufuna kuwaona. Sanavute kupezeka, chifukwa mlonda wa pageti ananena kuti pali bambo wina wa njinga amene amabwera pafupipafupi kudzafunsa mmene ndagonera, koma amakana kulowa. Kuwakhazika m'chipinda chimodzi ndi apongozi awo inali ntchito. Amayi anayang'ana kukhoma, a Lamisoni anakhala pakhomo chammbali, chipewa chili m'manja.

A nesi anati, "Za kumudzi ine sindiweruza, sindine nkhoswe. Ndinena zimene ndaona pantchito yanga. Matendawa ndawaona kwa mkazi wa abusa. Ndawaonanso kwa mayi amene mwamuna wake anamwalira mimba ili yaing'ono. Ameneyo anamusempha ndani?" Kenako anafunsa amuna anga ngati ali ndi mawu. Iwo anati, "Ine sindinayende ndi munthu. Anati mankhwala sagwira ndikapanda kuvomera. Ndinaona kuti bola dzina langa liipe koma mayi a Estere akhale moyo." Amayi anga anangoyankhira kukhoma kuti, "Nanga pamaso pa a nesi akananena chiyani?" Sanakhulupirire. Inenso tsiku limenelo sindinathe kuganiza kanthu, mutu unali wolemera.

A nesi sanatikakamize kugwirizana. Anangogawa ntchito. Amayi aziona kuti ndadya, azisunga mapiritsi n'kumandipatsa a tsiku limenelo okha. Amuna anga azindiperekeza ku boma mwezi ndi mwezi kukaonedwa ndi kukatenga mankhwala ena. Ndisamasiyidwe ndekha tsiku lonse, ndipo asamandiuze kuti ndingolimba mtima, chifukwa munthu wa malungo sitimuuza choncho.

Ndinatuluka mu Seputembala. Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Pankakhala masiku abwino, kenako tsiku loipa loti ndinkaganiza kuti zayambiranso. Tsiku lopita ku boma likakwana, a Lamisoni ankabwera n'kuima kumsewu, chifukwa m'mudzi anali asanaloledwe kulowa. Ankandinyamula panjinga mpaka pokwerera galimoto, Yohane ali kumsana. Panjira tinkalankhula pang'ono. Umboni woti sanachite analibe, ndipo mpaka lero palibe. Koma maganizo atayamba kubwerera m'malo mwake, ndinayamba kukumbukira munthu amene ndinali nditakhala naye zaka zisanu, ndi mmene anakanira m'mawa wonse uja mpaka amalume atatchula za manda.

Ankhoswe anakumana chakumapeto kwa Okutobala kuti athetse banja. Ulendo uno sindinalole kukhala pamphasa pakati. Ndinapempha kulankhula, ndipo amalume anadabwa chifukwa miyezi yonseyi anali asanamve mawu anga. Ndinati mankhwala a tsempho ndinamwa, sindinachire. A kuchipatala ndikumwa, ndine pano. Ngati mukuthetsa banja chifukwa cha matenda anga, mwini matenda ndikukana. Amalume anati, "Akadzakusemphanso usadzabwere kwa ine." Ndinati ndamva. Amuna anga anabwerera m'mudzi mvula yoyamba isanagwe, ndipo tinabzala limodzi.

Mapiritsi ndinamwa mpaka chaka chotsatira, a nesi akuchepetsa pang'onopang'ono. Sindinasiye ndekha ngakhale ndinkamva bwino, chifukwa anandiletsa kutero. Pano papita zaka ziwiri. Ndimagona, ndimadya, ndimalima, ndipo Yohane ndi mwana wanga ndi mtima wonse, ngakhale sindingatchule tsiku limene zinayamba. Estere anatenga nthawi kuti andizolowerenso. Kwa miyezi ingapo ankanditchula dzina, monga amanditchulira agogo ake. Amayi anga sanapepese kwa mkamwini wawo ndipo sindikuganiza kuti adzatero, koma za tsempho sanatchulenso. A nesi anandichenjeza kuti ndikadzakhalanso ndi pakati ndidzanene msanga kusikelo, chifukwa matendawa amatha kubweranso.

Kwa amayi anzanga ndi achibale awo ndikuti, mukaona mayi wakhanda sakugona, sakudya, akungolira, musayambe ndi kufunafuna wolakwa. Ife tinataya miyezi yambiri pa mlandu, ndipo ndikanatha kufa mlanduwo uli mkati. Mutengereni kuchipatala msanga, ndipo akakamufunsa akanene zonse, ngakhale zija zochititsa manyazi. Ngati pali mlandu, mudzaukambe wodwala atachira, iye ali pomwepo kuti adziyankhire yekha.