Nyemba Yachinayi

A Teresa anaphunzitsa masamu zaka khumi ndi zinayi osalakwitsapo kanthu pa bolodi, ndipo ankadzidziwa. Anabadwira m'mudzi wa kufupi ndi Fonte Boa, kwa makolo olima nyemba ndi kachewere. Ali kamtsikana, ntchito yawo inali yosankha nyemba pamphasa, zofiira uku, zoyera uku. Ana ena ankasankha akulira, iwo ankasankha akuwerenga. Masisitere a ku mishoni ataona mutu umenewu sanautaye. Anawakankha mpaka ku Tete, kenako ku Beira, ndipo atabwerako anapatsidwa kalasi yomaliza pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Ulongwe. Sanakwatiwe. Anthu ankati mwamuna angakhale bwanji ndi mkazi wokukonza ngakhale pamene ukuwerenga mbuzi zako zomwe. Mayi awo, a Ivone, ankakhalabe kumudzi, ndipo Loweruka lililonse a Teresa ankapalasa njinga kukawaona.

Phunziro limene iwo ankalikonda koposa ndi limene ana ankaliopa koposa, la variável aleatória. Imeneyi ndi nambala yoti sungaidziwiretu chinthu chisanachitike, koma ungathe kudziwa nambala zonse zimene ingakhale, iti imabwera kawirikawiri, iti imabwera mwa apo ndi apo. Buku linkafotokoza zimenezi ndi makhadi a juga, zinthu zoti mwana woleredwa bwino sangavomere pamaso pa mphunzitsi kuti amazidziwa. Choncho a Teresa ankabwera ndi chitini chakale cha mkaka, muli nyemba makumi awiri zofiira ndi makumi awiri zoyera. Lamulo linali loti aziphunzitsa m'Chipwitikizi, koma akaona kuti ana angoti maso tong'o, ankatseka chitseko n'kuyamba Chinyanja.

Tsiku limene linawaputira mlandu linali Lachiwiri lina mu Juni, kukuzizira koopsa. Analoza Célia, mtsikana wokhala kutsogolo, amene ankamudalira kuti chaka chimenecho awachotsa manyazi pa mayeso.

"Célia, kwanu kuli nkhumba zingati?"

"Zinayi, aprofesora."

"Chabwino. Tiyerekeze kuti kwagwa chigodola. X ndi nambala ya nkhumba zimene zife. Nyemba yofiira, nkhumba yafa. Yoyera, yapulumuka. Utola kanayi, ukatola uzibwezera."

Anagwedeza chitini. Mawu akuti aleatória alibe mnzake weniweni m'Chinyanja, ndiye anangotola amene anali pafupi ndi lilime. Anaseka nati, "Tiyeni tiombeze."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Célia anatola yofiira, yofiira, yofiira, yachinayi yofiiranso. Anyamata anakuwa kuti nkhumba zatha, tiyeni tikadye nyama kwa bambo ake, a Joaquim. Kenako ana onse anatola, maulendo ambirimbiri, zotuluka zikulembedwa pa bolodi. A Teresa anawaonetsa kuti pa maulendo khumi ndi asanu ndi limodzi, X amayembekezeka kukhala 2 kasanu ndi kamodzi, pamene 4 ndi kamodzi kokha. Linali phunziro lokoma. Koma pamwamba pa tsamba Célia anali atalemba kale kuti "Kuombeza nkhumba za kwathu: X = 4", ndipo a Teresa podutsa anachongapo ndi cholembera chofiira.

Patatha milungu iwiri, nkhumba za a Joaquim, bambo ake a Célia, zinasiya kudya. Makutu anafiira, ndipo pofika Lamulungu zonse zinayi zinali m'dzenje. Zinali nkhumba zoti zidzamuperekeze Célia ku maphunziro a ku Tete akakhoza. A Joaquim Chipwitikizi cha masamu sachidziwa, koma mawu akuti kuombeza amatha kuwawerenga, 4 amamudziwa, ndipo kuchonga kofiira kwa mphunzitsi anakuona ndi maso awo.

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani pofika pamsika wa Ulongwe nyemba zinali zitasanduka tizigoba ta ula, pofika ku Fonte Boa chitini chinali nsupa. Loweruka a Teresa anapeza mayi awo atakhala okha pakhonde. Anzawo a mu mphakati sanawadzere popita ku mapemphero, ndipo wina anawatembenuzira nkhope pachitsime. Nkhuyu zodya mwana zinali zitayamba kupota wamkulu.

"Iwe akhoza kukutumiza kwina," anatero a Ivone. "Nanga ine ndipita kuti? Dzina limeneli likamata munthu, limamata khomo lonse."

Lolemba adiretori, mkulu wa sukulu, a Alexandre, anawaitanira mu ofesi. Anali munthu wabwino, koma woopa phokoso kuposa tchimo. Patebulo panali kalata yopempha kuti a Teresa asamutsidwe, yolembalemba, yongodikira kusayina.

"Ine zimenezi sindizikhulupirira, inunso mukudziwa," anatero a Alexandre. "Koma makolo khumi ndi awiri akuti ana awo salowanso m'kalasi mwanu. Abwera mawa. Akapanda kukhutira, ndisayina."

"Mukasayina, anthu adzati zinali zoona."

"Ndikudziwa," anayankha akuyang'ana pawindo.

A Teresa anatuluka ali ndi mkwiyo wa munthu wotsimikiza kuti sanalakwe, umene ndi mkwiyo woopsa chifukwa sumva uphungu. Anaganiza kuti mankhwala a umbuli ndi phunziro. Makolowo awaphunzitsa monga amaphunzitsira ana awo.

M'mawa mwake makolo anakhala pa madesiki a ana, mawondo akugunda matabwa. A Alexandre anaima pakona ndi kalata ija m'thumba la malaya. Célia anakhala pamalo pake, atakumbatira kaderno yake, buku lolembamo lija, maso pansi. A Joaquim anaimirira chipewa chili m'manja. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kunawaopsa a Teresa.

"Aprofesora, ine sindinabwere kudzatukwana. Ndinakuonani mukukula, bambo anu tinkalima moyandikana. Koma mundiuze. M'kalasi muno muli ana makumi asanu. Munasankhiranji khola langa? Nanga mu kaderno ya mwanayu munachongeranji?"

"Abambo, izi ndi nyemba chabe," anatero a Teresa, akuika chitini patebulo. "Ndinalankhula moseka. Nyemba sizidziwa kanthu. Tolani nokha kanayi, ine ndisakhudze, muone kuti zituluka zosakaniza."

Sanali kuopa. Masamu anali kumbali yawo, maulendo khumi ndi asanu pa khumi ndi asanu ndi limodzi. A Joaquim anaika chipewa pansi, anagwedeza chitini, anapisa dzanja. Yofiira. Anabwezera. Wina anatsokomola kumbuyo. Anapisanso. Yofiira.

"Mayi Maria," ananong'ona mayi wina.

A Teresa ankadziwa bwino kuti zofiira ziwiri motsatana si chozizwitsa, zimachitika kamodzi pa kanayi. Koma kudziwako sikunawalimbitse mtima. Nyemba yachitatu inatuluka yofiira. Mayi uja anadzambatuka n'kukaima pakhomo, chitenje atachigwira pakamwa. A Alexandre anagwira thumba la malaya. Dzanja la a Joaquim linalowa m'chitini kachinayi, ndipo linatuluka litafumbata.

Pamenepo a Teresa anadziona okha. Ntchito yawo, dzina la mayi awo, mayeso a Célia, zonse anali atazikoloweka pa kanyemba kamodzi, ndipo iwo anali chiimire kudikira kuti chitini chiwayankhulire, ndendende munthu amene wapita kwa woombeza. Manyazi anawagwira limodzi ndi mantha. Anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa a Joaquim.

"Musafumbatule."

"Mukuopa chiyani?" anafunsa bambo wina kumbuyo, a Chakondwa.

"Ndikuopa ndithu," anatero a Teresa. "Koma ndiloleni ndifunse kaye. Bambo a Célia, nkhumba mwaweta zaka zingati?"

"Makumi awiri."

"Chigodola chalowa m'khola mwanu kangati?"

A Joaquim anawerenga ndi zala za dzanja linalo. "Aka n'kachinayi."

"Chikalowa m'khola la nkhumba zinayi, zimafa zingati?"

A Joaquim anawayang'ana ngati awafunsa kuti madzi amanyowetsa kapena ayi. "Zonse. Chigodola sichisankha. Ikadwala imodzi, ingokumbiratu dzenje lalikulu."

"Munaonapo ziwiri zitafa, ziwiri n'kutsala?"

"Chibadwire."

Abambo ena anavomereza ndi kukhosi. A Chakondwa anati zawo zisanu ndi imodzi zinatha sabata yomweyo. Atanena m'pamene anakumbukira kuti khola lawo palibe amene analitolera nyemba.

"Célia," anatero a Teresa, "werengera makolo zimene zili m'munsi mwa tsambalo. M'Chinyanja."

Célia anaimirira. Anawerenga mpaka kumapeto. Kawirikawiri zimafa ziwiri. Kufa imodzi kapena zitatu kumatsatira. Kufa zonse zinayi n'kosowa, kamodzi kokha pa maulendo khumi ndi asanu ndi limodzi.

"Ziwiri?" A Chakondwa anaseka mosafuna. "Nkhumba za kuti zimenezo?"

"Mwamva nokha," anatero a Teresa. "Chitini changa chinauza ana kuti zimene zakugwerani n'zosowa, pamene woweta aliyense muno akudziwa kuti chigodola chimatero nthawi zonse. Ndi ula wanji wosadziwa zimene mudzi wonse ukudziwa? Nyemba iliyonse imatuluka payokha, siipatsira inzake matenda. Nkhumba zimadyera pamodzi, zimagona pamodzi. Zimenezi ine sindinaziganizire. Ndinaphunzitsa ana anu zolakwika. Ndinasekanso ndi mawu osasekera, pa ziweto za munthu. Pa ziwiri zimenezi ndalakwa, ndipo ndikupepesa. Koma nkhumba zanu sindinaphe."

Zaka khumi ndi zinayi anali asanatchulepo mawu akuti ndalakwa m'chipinda chimenechi, ndipo lero anawatchula pamaso pa mkulu wa sukulu ndi pa mwana amene ankawatenga ngati buku. Anatembenukira ku bolodi n'kulemba mzere watsopano. Pa zaka makumi awiri, X anali 0 zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali 4 zaka zinayi. Pa 1, pa 2 ndi pa 3 panalibe kanthu. Choko chinathyoka, anatola chidutswa n'kupitiriza. Pansi pake, pamene amalemba dzina la buku limene atengamo nambala, analemba dzina la a Joaquim.

"Ana aphunzira zimenezi mawa," anatero, "ngati ndikhalepo."

A Joaquim anayang'ana dzina lawo pa bolodi nthawi yaitali. Kenako mayi wa pakhomo uja anachotsa chitenje pakamwa.

"Zonsezo tamva. Nanga yachinayiyo? Afumbatule tione."

Maso onse anapita pa nkhonya ija. A Teresa analibenso choti anene. Akanafotokoza mpaka dzuwa kulowa kuti yofiira ndi yoyera zili ndi mwayi wofanana, koma ikanatuluka yofiira, palibe amene akanakumbukira za bolodi, ndipo a Ivone akanakalamba okha pakhonde paja. A Joaquim anabweretsa nkhonya pachifuwa, anatsegula zala pang'ono, n'kusuzumiramo okha. Anayang'ana Célia. Kenako analowetsa dzanjalo m'thumba la jekete.

"Ine ndimaweta nkhumba, sindiombeza nyemba," anatero, akutola chipewa. "Adiretori, mwana wanga mawa abwera. Alembe ezame yake."

Makolo anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Si onse amene anakhutira, ndipo mayi uja sanatsanzike. Koma mwini nkhumba atausiya mlandu, wina akanautola bwanji? A Alexandre anapinda kalata ija kawiri n'kutuluka mofulumira, ngati kuti sinali yawo.

A Teresa anatsala okha akutseka chitini. Ali apo anamva mapazi akubwerera. Anali a Joaquim. Anawagwira dzanja ndi manja awiri monga potsanzikana, n'kuwapindira zala pa kanthu kolimba.

"Chitini chanu chisaperewere," anatero chapansipansi. "Mukapereke moni kwa amayi."

A Teresa anadikira mpaka mapazi atazimiririka, ndipo pamenepo m'pamene anafumbatula. Nyembayo inali yofiira.